Kapu ya Pawindo

Sikisi koloko m'mawa, mdima ukadali ndi mano,
ndimatsika basi pamsewu wina wa ku Barnsley
ndi makiyi a nyumba zisanu m'thumba la jekete.
Ine Yotamu, amene ndinkaphunzitsa masamu ku Mchinji,
tsopano ndimawerenga mapilitsi:
awiri oyera, limodzi lachikasu, theka lofiira.

Nyumba yachitatu ndi ya a Walter.
Zaka makumi atatu anakumba malasha pansi pa tauni ino,
chifuwa chawo chimalirabe ngati chitseko chosowa oyilo.
Dzina langa linawakanika lilime.
Amanditcha Tomu. Poyamba ndinkawakonza,
kenako ndinaona kuti Tomuyo akulandira malipiro anga omwe,
ndinayamba kuvomera.

M'mawa uliwonse amatulutsa makapu awiri,
ina yawo, ina ya a Maureen
amene anagona kumanda a paphiri zaka zinayi zapitazo.
M'buku la kampani analemba kuti ndiziwakumbutsa mofatsa.
Sindinawakumbutsepo. Akudziwa bwino lomwe.
Tiyi wa a Maureen amazizira pawindo,
ine ndimatsuka kapuyo osafunsa kanthu.

Mu Febuluwale foni inalira ndikuwameta ndevu.
Achimwene anga a Lekeleni. Njinga yamoto. Pa Kamwendo.
Ndinamaliza tsaya lamanzere,
ndinamalizanso lamanja, dzanja osanjenjemera,
mpaka lero sindidziwa kuti zinatheka bwanji.
Tikiti ya ndege inali thukuta la miyezi iwiri
ndipo maliro sadikira mapeto a mwezi.
Ndinaonera pafoni, nditakhala pamasitepe,
bokosi likutsika, netiweki ikudukaduka,
nkhope ya mlamu wanga itauma pagalasi, kukamwa kuli yasa.
Dothi langa anandiponyera mwana wa mlongo wanga.

A Walter sananene kuti pepani.
Anakoka ndodo yawo mpaka kukhitchini.
Ndinamva ketulo, ndinamva supuni ikugunda m'mbali.
Anabwera ndi kapu ya maluwa obiriwira, ya a Maureen ija,
n'kuiika m'manja mwanga.
Shuga anachuluka. Ndinamwa osasiyako.

Kuzizira kutayamba kutopa
ndinapeza pansi pa chikwama nthanga za maungu,
zomwe a Lekeleni anandikulungira m'nyuzipepala
tsiku lonyamuka, akundiseka kuti ndikafa ndi njala.
Tinadzala kuseri kwa nyumba,
ine ndi khasu la eni, iwo akulamula ali pampando.
Zinamera zisanu ndi ziwiri.
Usiku umodzi wa mu Meyi chisanu chinazipsereza zonse.
Ndinati basi, dothi lino silidziwa mbewu zathu.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira:
Tomu, wapupuluma.
Kuno mbewu imayambira m'nyumba, m'kachitini, pawindo,
umaitulutsa pang'onopang'ono,
masana okha, mpaka izolowere mphepo.
Anandiyang'ana ngati sakunena za maungu.

Zinatsala nthanga zitatu.
Imodzi inaola. Ziwiri zinayanga
mpaka kukwera mpanda wa neba, amene anadandaula.
Dzungu lenileni silinabwere, dzuwa la kuno ndi laumbombo,
koma masamba ndiye analipo.
Ndinasadzula nkhwani, ndinathira chiponde cha m'botolo.
A Walter anatafuna nthawi yaitali, nkhope itakwinya,
anati zikukoma ngati chipewa chonyowa,
kenako anakankhira mbale kwa ine kuti ndiwonjezere.

Masiku ano miyendo yawo yayamba kukana,
ndimawanyamula m'khwapa popita kubafa,
ndi opepuka kuposa chaka chatha.
Ndikudziwa kumene msewu uwu ukupita.
Komabe dzulo anandituma zitini zatsopano,
akuti chaka chamawa tiyambe mu Epulo.

Tsopano makapu amatuluka atatu.
Yawo, yanga, ndi ya pawindo ija.
Sindifunsa ngati ndi ya a Maureen kapena ya a Lekeleni.
Mwina akumwera pamodzi,
wina akudandaula kuti shuga wachuluka.